Mimba ya a Khoromana

Mukadzafika ku esiteti kwathu kuno ku Thyolo n'kumva anthu akuitana kuti "amake Pilo", musadzavutike n'kufunsa kuti akunena ndani. Akunena ine. Mwana wanga dzina lake ndi Tadala, ndipo ndinali amake Tadala mwaulemu wake wonse mpaka chaka chimene ndinalowa gulu la zisudzo. Nkhaniyi anthu aikamba mokwanira, ena kuthira mchere, ena tsabola, ndiye ndati bola muimve kwa mwini wake.

Ine ntchito yanga ndi yothyola tiyi. Dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, manja pamasamba, pakamwa nyimbo. Anzanga amati ndikayamba kuyimba ngakhale akapitawo amaiwala kukalipa. (Ena amati ndimasokosa, koma amenewo ndi ansanje.) Mbiri ya mawu angawa inawapeza a Khoromana, mphunzitsi wa pasukulu ya pa esiteti, amenenso ndi mkulu wa mpingo komanso woyimbitsa kwaya. Munthu wamtali, wovala tayi ngakhale Loweruka, woti akamadutsa m'malaini nkhuku zimapatuka zokha.

Kunamveka kuti kuholo ya esiteti kudzakhala tsiku la zisudzo ndi nyimbo. Magulu a ku Goliati ndi a ku Kapichi adzabwera kudzaonetsa zawo, ndiye ife eni bwalo sitikanangokhala owomba m'manja. A Khoromana anali ataonera pafoni masewero a kunja otchedwa opera, momwe anthu sayankhula, amangoyimba basi. Kupempha madzi, nyimbo. Kukangana, nyimbo. Munthu wabayidwa ndi mpeni, m'malo mofa msanga ayambe wadzuka kaye n'kuyimba mpaka amene wamubayayo atope.

"Zimenezi kuno sizinachitikepo," anatero a Khoromana tsiku loyamba la pulakatisi. "A ku Goliati adzabwera ndi zawo za masiku onse zija, mwamuna woledzera ndi mkazi wolongolola. Ife tidzawagwetsa ndi opera."

Ine anandipatsa gawo lalikulu. Ndinali Esinati, mayi woyembekezera amene matenda amamuyambira pakati pa munda wa tiyi, mvula ikugwa, galimoto palibe. Pachimake pa seweroli Esinati amagwira tsinde la tiyi n'kukoka mawu akuti "Mayo ineee!" kuyambira pansi mpaka kumwamba kwenikweni, kumene mawu a munthu amasanduka a ketulo yowira. Mawu amenewa ankandikanika. Ndikafika pakati ankaduka, a Khoromana n'kugwira mutu.

Analamula zinthu ziwiri. "Choyamba, nkhani ya seweroli asaidziwe munthu. Ngakhale mkazi wanga kunyumba sakuidziwa. A ku Goliati ali ndi makutu paliponse. Chachiwiri, mukavala zovala za Esinati, ndinu Esinati. Amake Tadala muziwasiya kunyumba."

Vuto linali mimba. Tinayesa kupinda zitenje, ndinkaoneka ngati munthu wobisa chinangwa chakuba. Tinayesa kabeseni, kankalira ndikawerama. Tsiku lina a Khoromana anabwera ndi jumbo yakuda, akuyang'anayang'ana kumbuyo, n'kutulutsamo pilo wamkulu wofewa, wa nsalu yamaluwa osokedwa ndi manja.

"Musafunse zambiri," anatero. "Mangani."

Nditamanga ndi timizere ta chitenje chakale n'kuvala diresi lalikulu pamwamba, gulu lonse linandizungulira kudzaona. Kenako mayi wina wa kwaya anati, "Asisi, khalani pansi, mungatope." Anali ataiwala.

Apa ndikuuzeni chinthu chimodzi chofunika. Bambo ake a Tadala anali ku Joni. Makhrisimasi awiri anali atadutsa asanaponde kuno, tinkangoonana pafoni, ndipo esiteti yonse inkadziwa zimenezi.

Linafika Loweruka la pulakatisi yomaliza, yovala zonse. Tsiku limenelo pasikelo yoyezera tiyi panali mzere wautali, ndinaweruka mochedwa. Kuholo kulibe povalira, timabisala kuseri kwa bolodi, ndiye ndinati bwanji ndingovaliratu kunyumba, ndikafike ndili wokonzeka. Tadala anali kosewera. Ndinamanga mimba yanga, ndinadziyang'ana pakagalasi, ndinadzimvera chisoni ndekha. Kunja kunali chiperoni, choncho ndinavala jekete lakale la bambo, mpango mpaka m'maso, n'kuzemba kuseri kwa malaini, kudzera m'mabulugama, kuti aneba asandione.

Pamsewu ndinapeza kabaza wa njinga yamoto, munthu amene sindinkamudziwa. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti ndi Che Saidi a ku Khonjeni, anali atangoyamba kumene kuyenda njira ya kwathu.

"Kuholo ya esiteti, achimwene."

Anandiyang'ana pamimba. Anatsika panjinga, anatulutsa kansalu, anapukuta mpando.

"Kwerani bwinobwino, mayi, musafulumire. Mwezi wake ndi uno?"

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaseka n'kufotokoza. Koma ine mtima unavina. Munthu wachilendo, kunja kusanade n'komwe, wakhulupirira! Ndinaika dzanja kumsana monga anandiphunzitsira a Khoromana, ndinausa moyo.

"Ndi uno, bambo. Tikungodikira tsiku."

"Mulungu akuthandizeni. Wanganso kunyumba ali choncho, ndi yoyamba. Akangotsokomola ine ndadzuka kale."

Tinanyamuka pang'onopang'ono ngati tanyamula mazira. Kadzenje kalikonse Che Saidi ankakazungulira n'kupepesa. Ine kumbuyo ndikungomwetulira mumpango. (Mwamuna wanga weniweni, nthawi ya Tadala, sanandipukutirepo mpando.)

Msewu wa kuholo umadutsa pakati pa minda, uku tiyi, uko tiyi, munthu osaoneka chifukwa onse anali ataweruka. Injini inali kulira. Ndinati mumtima, pano ndi pabwino kuyesa mawu ovuta aja, ndani andimve? Ndinayamba motsitsa.

"Mayo..."

"Mwati bwanji, mayi?"

"Palibe, yendetsani."

Ndinadikira pang'ono. Ndinakoka mpweya wozizira uja mpaka kudzaza chifuwa, ndinatsegula pakhosi, ndinaponya.

"Mayo ineeeeee!"

Abale, anatuluka! Kwa nthawi yoyamba mawu aja anakwera osaduka, osalala ngati uchi, mpaka mbalame zinabalalika m'mabulugama. Ndinafuna kudziwombera m'manja. Koma njinga inapepeluka, pang'ono tilowe m'tiyi.

"Yaa Allah! Mayi, ayamba?"

"Ayi, ndikungoyeserera!"

"Musayeserere pano! Chonde mayi, panjinga panga ayi! Limbani mtima, tifika pompano!"

Munthu uja amene ankapepesa kadzenje kalikonse anapotokola chogwirira mpaka kumapeto. Njinga inalira ngati yalumidwa ndi mavu. Tinalowa m'dzenje loyamba, tinatuluka, tinalowa lachiwiri. Pa dzenje lachitatu ndinamva kamzere kachitenje kakuti phu, mfundo yamasuka. Mimba inayamba kusesereka.

"Imani! Imani! Ikutsika!"

"Ikutsika?"

"Igwa pansi!"

"Panani miyendo, mayi! Panani!"

Dzanja limodzi ndinagwira chitsulo cha kumbuyo, lina ndinakumbatira mimba kuti isagwere m'matope, poti ndinkadziwa kuti a Khoromana sangandikhululukire. Pamphambano ya kuholo sitinakhote. Ndinawaona anzanga ali pakhonde atavala kale, a Khoromana akuyang'ana wotchi, ife n'kudutsa ngati mphenzi, Che Saidi akuliza hutala.

"Pewani! Pewani! Wodwala!"

Akabaza ena amene anaima pamphambanopo, poona mnzawo ali pamavuto, anakwera njinga zawo n'kutitsata, onse mahutala. Wina anatidutsa n'kukhala patsogolo kuthamangitsa mbuzi mpaka pamlatho. Ndiye kunandigwira kuseka. Si kufuna, kunangobwera. Ndinaseka mpaka misozi, mpweya kutha, ndipo kuseka kwa munthu amene akudumpha pamabampu kumamveka ngati kulira. Ndikati ndinene kuti "ndi pilo", pakamwa pankangotuluka "pi... pi... pi...".

"Pirirani, mayi, inde, pirirani!" anatero Che Saidi.

Pageti la kiliniki pamakhala amayi ogulitsa nthochi ndi mapeyala. Atangomva mahutala anasiya malonda, anathamanga, anandinyamula ngati thumba la feteleza, ena kunditchinga ndi zitenje. Mayi wina wachikulire amene anandigwira mwendo wakumanja ndiye ankalamula anzake. "Bwinobwino! Mutu m'mwamba! Mwana wa eni ake uyu!" Mawuwo ndinawadziwa. Pamene tinkakwera masitepe mpango wanga unagwa.

"Muluku!"

Mwendo wanga unasiyidwa m'malere. Anali apongozi anga, mayi ake a bambo a Tadala. Amakhala ku Khonjeni, amabwera kuno mwa apo ndi apo kudzagulitsa mapeyala, ndipo tinali tisanaonane chidzalireni chimanga.

"Amake Tadala? Ndinu?"

"Amayi, dikirani, si mmene mukuganiziramo..."

"Mwana wanga ali ku Joni. Kapena masiku ano mimba zikubwera pafoni?"

Anandigoneka pabedi m'chipinda chochirira. Anesi anali kuchipinda china kusamba m'manja. Apongozi anandiweramira, nkhope yawo pafupi ndi yanga, chala m'mwamba.

"Tchulani. Kwathu mwana satuluka mayi ake asanaulule. Mukabisa mufa nayo. Mwini wake ndani?"

Ine mpweya unali usanabwerere. Mutu unali kuzungulira. Ndinaganiza kuti ndikangonena kumene chinthucho chinachokera, nkhani yonse itha.

"Ndi ya a Khoromana," ndinatero mwawefuwefu. "Anandipatsa ndi a Khoromana. Kusukulu, titamaliza kwaya."

Amayi onse anayang'anana. Pakhomo panalira mbale yachitsulo, ngwee, n'kugubuduka mpaka kunsi kwa bedi. Ndinatembenuka. Anesi a tsiku limenelo anali Mai Khoromana.

"Mwati ndani?" anafunsa motsitsa kwambiri.

"Aphunzitsi. Amuna anu, mayi. Koma anati ndisauze munthu, ngakhale inuyo."

(Pakamwa pangapa. Tsiku lina ndidzapasoka.)

Ndiwalemekeze mayi amene aja. Anavala magolovesi, anakweza mutu.

"Nonse tulukani. Ntchito kaye, zinazo tikamba pambuyo."

Anthu anatuluka, chitseko chinatsekedwa. Nthawi yomweyo kunja kunabuka phokoso. A Khoromana anali atatsata mahutala aja wapansi, ndipo pazenera ndinawaona akulowa pageti thukuta kamukamu, tayi ili paphewa.

"Ali kuti? Mwamuika kuti?" ankafuula. "Chonde samalani mimbayo, ndaivutikira!"

"Ndi ameneyu! Akuvomera yekha!"

"Mkulu wa mpingo!"

Ndinaona peyala lakupsa likuuluka. Dzanja la apongozi anga silinakalambe. Linawapeza a Khoromana pachifuwa penipeni, pamalaya oyera.

M'chipindamo Mai Khoromana anaika dzanja pamimba panga n'kusindikiza. Dzanja linamira. Anakwinya nkhope, anasindikizanso mbali ina, linamiranso. Anakweza diresi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira pangodya n'kukoka, chinthu chonse chinatuluka kamodzi.

"Pilo wanga!"

"Eya, mayi, ndi zimene ndimafuna kunena..."

"Pilo wanga wa paukwati! Maluwa awa ndinasoka ndekha! Ine ndakhala ndikugonera mkono, khosi kuuma, bambo akundiuza kuti anauluka ndi mphepo pachingwe!"

Anakhala pansi pasimenti, yunifolomu yoyerayo, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira mwendo wa bedi. Inenso kunandiyambanso. Kunja atamva anaganiza kuti kwachitika zovuta, mayi wina anayamba kulira maliro.

Mai Khoromana anapukuta misozi, anafunditsa pilo uja chitenje changa bwinobwino, anamunyamula ngati khanda, anatsegula chitseko.

"Wachira," analengeza.

Che Saidi, amene nthawi yonseyi anali pakona manja ali m'mwamba kupemphera, anathamanga kutsogolo.

"Alhamdulillah! Mphatso yanji, anesi?"

"Dzionereni nokha. Wafanana ndi bambo ake."

Anavundukula. Che Saidi anayang'ana pilo, anayang'ana ine nditaima pakhomo mimba ili phwaa, anayang'ananso pilo. Anakhala pasitepe.

"Mayi," anatero, "ine pamlatho paja ndadutsa nditatsinzina."

Kiliniki yonse inagwa ndi phwete, odwala malungo omwe anadzuka kudzaona. Koma munthu mmodzi sankaseka. Apongozi anaima pambali atagwira kafoni kawo ka mabatani, nkhope itagwa.

"Amake Tadala," anatero chapansipansi, "ine ndaimba kale ku Joni."

"Mwawauza chiyani, amayi?"

"Ndati mkazi wako ali m'chipinda chochirira, mwini wake ndi aphunzitsi. Sanayankhe. Wangodula."

Kuseka konse kunathera pomwepo. Tinaimba, foni yozima. Ndinatumiza uthenga, ndinatumiza ndi chithunzi cha pilo ndili naye pamiyendo, sizinawerengedwe. Anzawo a bambo a Tadala kumeneko anati munthuyo watenga chikwama, sananene kopita. Sabata imeneyo sindinayimbe m'munda. Tadala ankandifunsa kuti bwanji adadi sakuimba. Bambo ake a Tadala si munthu wolongolola, akakwiya amangokhala chete, ndipo chete ameneyo ndi amene ndinkamuopa. Apongozi anabwera kudzakhala nane, ankangosesa pabwalo posesedwa kale.

Ndinawauza a Khoromana kuti za sewero ndasiya. Anandigwadira, tayi kukhudza pansi.

"Amake Tadala, chinsinsi chatha, ulemu wanga watha, kunyumba ndikugona pampando. Chatsala ndi opera yokha. Musandilande."

Mai Khoromana nawonso ananditumizira pilo uja, ati popeza wabadwa kale, akagwire ntchito.

Tsiku la zisudzo holo inadzaza mpaka ena kukwera m'mazenera. Anthu anachokera kutali, osati chifukwa cha opera, koma kudzaona mayi wochira pilo. A ku Kapichi anavina, anayimba bwino. A ku Goliati anachitadi za mwamuna woledzera ndi mkazi wolongolola. Kenako ife.

Nditangotulukira pasiteji, dzanja kumsana, ndisanatsegule n'komwe pakamwa, holo inaphulika. Sewero lachisoni, loti anthu alire, koma ndikati ndiuse moyo anthu ankagwa m'mabenchi. Ndinalimba mtima. Ndinafika pachimake, ndinagwira tsinde la tiyi, ndinakoka mpweya.

"Mayo ineee..."

"Wina asamunyamule ameneyo!" anafuula munthu kumbuyo. "Ndamuonapo kale!"

Anali Che Saidi, ataima pabenchi. Ndipo pambali pawo panali mwamuna wa jekete lachikopa, chikwama chachikulu chili pamapazi, manja atapinda pachifuwa, osaseka. Bambo ake a Tadala. Mawu anga okoma aja anathyokera pakati ngati a tambala wophunzira kulira.

Sindikumbuka kuti sewero linatha bwanji. Ndinangotsika, mimba ili pompo, ndinawapeza panja pansi pa mtengo.

"Mwafika, bambo."

"Ndafika."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anatambasula chala, anabaya mimba ija. Chala chinamira.

"Ndasiya ntchito," anatero. "M'basi monse sindinadye. Ndimabwera kudzathetsa banja, ndi kudzathyola tayi ya mphunzitsi. Ndatsika pa Khonjeni, ndakwera kabaza. Njira yonse mkuluyu akundisimbira za mayi wina wopenga amene anathamanga naye kukachira pilo. Ndikumufunsa kuti mayiyo ndani, akuti amati amake Tadala."

"Ndiye munatani?"

"Ndinati aime. Ndinatsika, ndinakhala m'mbali mwa msewu."

"Kulira?"

"Sindikudziwa. Zonse."

Anayang'ana pansi. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, anatembenukira kumtengo, anaugwira ndi manja onse awiri, ndipo ndinamva kuseka kumene ndinali nditakuiwala.

"Dziko lonse lija ndadutsa," anatero akupukuta m'maso, "kudzamenyana ndi thonje. Koma mumayimba, amake Tadala. Poyamba paja munayimba."

Mpikisano anapambana a ku Goliati. Oweruza anati sewero lathu silinadziwike ngati linali lachisoni kapena lanthabwala. A Khoromana mpaka lero amati anatibera.

Bambo ake a Tadala sanabwererenso ku Joni. Anapeza ntchito kufakitale, yochepa poyerekeza ndi ija, ndipo akatopa amandikumbutsa. Ine ndimangoti pepani, poti n'zoona. Koma madzulo amadya nafe, Tadala amawakwera pamsana, ndiye pepani wangayo sindidziwa ngati amachokera pansi pa mtima.

Tsono vuto langa lero ndi lina. Munthu akabwera kwawo zinthu zimachitika, ndipo pano ndine woyembekezera. Zenizeni. Koma palibe akukhulupirira. Pasikelo amayi amandibaya ndi chala podutsa. Akapitawo nditawapempha ntchito yopepuka anafunsa kuti sewero lake lidzakhala liti. Apongozi anabwera, anaika dzanja pamimba, anakana kulichotsa mpaka mwana atawaponda, ndipo ngakhale apo anasuzumira kunsi kwa diresi kuti aone ngati mulibe mwana wa mphaka. Akabaza a pamphambano akandiona amayang'ana kumbali.

Phunziro ndalitola: zovala za sewero muzivalira kuholo, ngakhale kuseri kwa bolodi. Kuyimba kokha ndiye sindinasiye, mawu aja ndimawayesabe ndikakhala ndekha kumunda. Ndiye ngati muli ndi njinga, ndipo mwezi wamawa mukudutsa m'minda ya tiyi n'kumva mayi akukuwa, chonde imani mumvetsere. Mawuwo akakhala okoma, pitirirani, ndi pulakatisi. Akakhala oipa, ndinyamuleni.